Matsenga opanda chizimba sindiwakhulupirira

Amene anakulira kumudzi, kapena ali ndi azakhali okonda kucheza pamoto usiku, akudziwa mmene nkhani za kukhwima zimayendera. Munthu akafuna chigayo kapena maminibasi mwachidule, sing'anga samangomupatsa mankhwala n'kumuuza kuti pitani mukalemere. Pamakhala chizimba. Amauzidwa kuti asadzasambenso, kapena azigona pamphasa nyumba itadzaza matilesi, kapena apereke mwana amene amamukonda kuposa onse. Ine zimenezi sindizikhulupirira, ndipo mphekesera zake zaphetsa anthu osalakwa. Koma ngati nthano chabe, zimagwira mtima chifukwa zimadziwa kuti mphamvu ili ndi mtengo, ndipo kawirikawiri wolipira amakhala m'bale wako.

Muyezo umenewu ndi umene ndimayezera mabuku a fantasy, aja a mayiko ongopeka, zinjoka zouluka, malupanga ndi anthu amatsenga. Buku likandionetsa mnyamata amene wangoloza kandodo moto n'kubuka, mawa n'kulozanso osamva ngakhale mutu, ndimaliwerenga ndithu koma sindilibwereza. Harry Potter ndinamukonda, mabuku onse 7, ndipo maliro alimo ambiri, koma matsenga akewo ndi aulere. Ukaloweza bwino mawu, basi zatheka. Tolkien, wolemba The Lord of the Rings, ndiye ankadziwa: mphete yamatsenga ija imadya mwini wake pang'onopang'ono, ndipo Frodo, amene anainyamula, sabwerera kwawo ali munthu yemwe uja. Ndiye ngati awiriwa mwawamaliza ndipo mukufunsa kuti kenako chiyani, nawa amene anakhoza mayeso anga. Onse ali m'Chingerezi, ndipo mathero sindiulula.

Yambani ndi Earthsea ya Ursula K. Le Guin. Buku loyamba, A Wizard of Earthsea, linatuluka mu 1968, zaka 29 Harry Potter asanaoneke, ndipo sukulu ya amatsenga ilimo kale, pachilumba cha Roke. Mnyamata wake ndi Ged, woweta mbuzi wa ku Gont, waluso koma wodzimva. M'dziko lija chinthu chilichonse chili ndi dzina lake lenileni ndipo wodziwa dzinalo ndi amene amachilamula, n'chifukwa chake munthu sauza mnzake dzina lake lenileni pokhapokha ngati akumudalira mpaka imfa. Ana asukulu amachenjezedwa kuti ukaitana mvula pachilumba chino, mwina wagwetsa chilala pachilumba china. Mphunzitsi woyamba wa Ged, mkulu wosayankhulayankhula dzina lake Ogion, mvula ikawapeza panjira amangogona pansi pa mtengo, chonsecho akanatha kukankha mtambowo ndi liwu limodzi. Ged zimenezi zimamunyansa. Iye akufuna anthu amuone.

Usiku wina, pofuna kuchititsa manyazi mnzake amene ankamuderera, amaitana mzimu wa mayi amene anafa kalekale. Pamng'alu umene watsegula pamatulukanso chithunzithunzi chopanda dzina, chimamukala kumaso, ndipo mkulu wa sukuluyo amathera mphamvu zake zonse potseka mng'aluwo mpaka kumwalira. Wolakwa mwana, wolipira agogo. Kuchokera pamenepo Ged amangothawa m'kabwato, chilumba ndi chilumba, chinthucho chili pambuyo.

Mabuku a Earthsea alipo 6 ndipo oyambirira ndi opyapyala, masamba 200 kapena kupitirira pang'ono. Lachiwiri, The Tombs of Atuan, ndi la Tenar, mtsikana amene analandidwa kwa makolo ake ali ndi zaka 5, n'kulandidwanso dzina, kuti azitumikira milungu ya mumdima m'mapanga a pansi pa nthaka. Koma limene limandikhala pamtima ndi lachinayi, Tehanu, la mu 1990. Le Guin anadikira zaka 18 asanalilembe, ndipo atabwerera anabwera ndi funso lina. Tenar tsopano ndi mayi wamasiye wa kumunda, akulera kamtsikana kamene anthu anakaponya pamoto, ndipo Ged wafika pakhomo mphamvu zonse zitamuthera. Kodi mwamuna amene dziko lonse linkamugwadira amatani akatsala ndi manja awiri okha? Muli kutsuka mbale ndi kudyetsa mbuzi kwambiri kuposa nkhondo. Achinyamata ambiri amati n'lotopetsa. Lisungeni, mudzaliwerenge mukadzayamba kulipirira ena fizi.

Chinanso, Ged ndi wakhungu lofiirira, mnzake wapamtima Vetch ndi wakuda, ndipo oyera khungu m'dziko lija ndi akunja obwera kudzafunkha. Ojambula zikuto anakhala akumuyeretsa Ged kwa zaka zambiri, ndipo pamene anthu a kanema anachitanso zomwezo mu 2004, Le Guin anawadzudzula poyera.

Amene mukufuna kulowa m'nyumba n'kukhalamo chaka chathunthu, wanu ndi Robin Hobb. Assassin's Apprentice linatuluka mu 1995, ndipo nkhani yonse inatha mu 2017 ndi mabuku 16. Musachite mantha ndi nambalayo, chifukwa inagawidwa m'magulu: atatu oyamba amaima paokha, ndipo mukhoza kupumira pamenepo.

Fitz ndi mwana wapathengo wa kalonga Chivalry, amene ankayembekezeka kulowa ufumu. Ali ndi zaka 6, agogo ake a kuchikazi amamugwira padzanja n'kukamusiya kwa asilikali, kuti mwini mimba amudyetse. Bambo akewo chifukwa cha manyazi amakana mpando wachifumu n'kuchoka, osamuona n'komwe mwanayo. Amene amamulera ndi Burrich, woyang'anira makola a akavalo ndi agalu, munthu wouma pakamwa amene amakonda mwana koma sadziwa kunena. Tsiku lina mfumu Shrewd, amene ndi agogo ake a kuchimuna, amamupeza akudya makombo pamodzi ndi tiagalu. Amamubaya kaphini ka mwala wofiira pamalaya n'kumuuza mosabisa kuti ndikudyetsa, ndikuveka, ndikuphunzitsa, koma iwe ndi wanga. Kuyambira pamenepo, usiku anthu akagona, khoma la chipinda chake limatseguka ndipo mkulu wa zipsera kumaso dzina lake Chade amamuphunzitsa za poizoni ndi kupha mwakachetechete m'dzina la mfumu.

Matsenga alimo awiri. Oyamba ndi a banja lachifumu, olankhulana m'maganizo ngakhale muli kutali, koma ali ndi chibaba choopsa. Amalume ake a Fitz, kalonga Verity, amakhala pansanja usana ndi usiku kusokoneza maganizo a adani a m'zombo zofiira, ndipo timamuona akuwonda, akusiya kudya, akukalamba nthawi isanakwane. Achiwiri ndi omvana ndi nyama, ndipo amenewa ndi onyansa kwa anthu, moti wogwidwa nawo amanyongedwa thupi n'kutenthedwa. Fitz ali nawo onse awiri. Bwenzi lake loyamba ndi kagalu, ndipo Burrich atazindikira zimene zikuchitika amakachotsa tsiku lomwelo pofuna kumupulumutsa. Mwanayo amamusungira chakukhosi kwa zaka. M'buku lachiwiri mumabwera mmbulu wotchedwa Nighteyes, umene Fitz anaugula uli kamwana m'chikwere pamsika, ndipo sindidziwa nyama ina m'mabuku onsewa imene inalembedwa bwino kuposa umenewu.

Ndikuchenjezeni kuti Hobb sathamanga. Mutha kuwerenga masamba 50 Fitz akungopesa akavalo ndi kutumidwa kumsika. Ndipo Fitz amapsetsa mtima: amabisa zimene anayenera kunena, amakhulupirira amene sanayenera kumukhulupirira, mpaka umafuna kulowa m'bukumo kukamukoka khutu. Koma aliyense amene anakulira pakhomo pa achibale, kudya nawo koma osaiwala kuti si wapamenepo, amuzindikira msanga. Ena amadumpha gulu lachiwiri, Liveship Traders, chifukwa Fitz mulibe. Musatero. Ndi nkhani ya banja la amalonda a panyanja limene zombo zake zimakhala zamoyo pakafera mibadwo itatu ya banjalo, ndipo mkangano wa chuma cha masiye umene ulimo ndi woti mungaumve pabwalo la amfumu lililonse.

N.K. Jemisin ndiye amapweteka. The Fifth Season (2015), The Obelisk Gate (2016) ndi The Stone Sky (2017), onse atatu anatenga motsatizana mphoto ya Hugo, mphoto yotchuka ya mabuku a mtundu umenewu, zimene wolemba aliyense anali asanachitepo. Dziko lake limangogwedezeka. Pakapita mibadwo ingapo pamachitika chivomerezi kapena phiri limaphulika, phulusa n'kuphimba dzuwa kwa zaka, ndipo banja lililonse limasunga kathumba kothawira. Alipo anthu obadwa ndi mphamvu yoziziritsa chivomerezi kapena kuchiutsa. Mphamvuyo amaikoka ku kutentha kwa zinthu zowazungulira, choncho mwana wotere akadzidzimuka, amene ali naye pafupi amauma ndi chisanu. Dziko silingakhale popanda anthu amenewa, komabe limawada. Ogwidwa ali ana amatengedwa kukasungidwa ku likulu ngati zida za boma, ndipo amene mudzi wawatulukira msanga amangowapha.

Bukuli limayamba mayi wina, Essun, atalowa m'nyumba n'kupeza kamwana kake kakamuna katafa. Wakapha ndi bambo ake enieni atazindikira chimene kali, ndipo wathawa ndi mwana wamkazi. Mbali za Essun zinalembedwa ngati wolemba akulankhula ndi iweyo: walowa, waona, wakhala pansi. Poyamba zimasokoneza, koma pirirani, chifukwa chake chilipo. Malo amene sindiwaiwala ndi pamene msungi wa ana oterewa akuyenda ndi kamtsikana pakavalo, akukalankhula mokoma, kenako n'kukathyola dzanja mwadala kuti aone ngati kangathe kudziletsa kosagwedeza nthaka. Akamaliza amakamanga bwinobwino n'kukauza kuti amakakonda. Choopsa n'chakuti sakunama.

Kwa ife kuno nkhani imeneyi si yakutali. Timamva pawailesi za agogo ophedwa ndi adzukulu awo chifukwa mwana wamwalira mwadzidzidzi ndipo wina waloza chala. Nthaka yolusa tikuidziwanso: Phalombe mu 1991, Karonga mu 2009, Chilobwe mu 2023. Ndikamawerenga Jemisin ndimakumbuka malemu Steve Chimombo, amene anatenga Napolo, chinjoka chogona pansi pa mapiri, n'kumuyendetsa m'ndakatulo ndi m'nkhani zake kwa zaka zambiri, komanso analemba sewero la Mbona lotchedwa The Rainmaker. Zipangizo zolembera mabuku otere tili nazo zodzaza nkhokwe, amene akusowa ndi wokhala pansi n'kulemba atatu otsatizana. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Jemisin musamupatse mwana wa pulayimale, ndipo ngati mwangotaya mwana kumene, muyambe mwadikira.

Wa ana ndi achinyamata ndi Nnedi Okorafor, wobadwira ku America kwa makolo a mtundu wa Igbo. Akata Witch (2011), Akata Warrior (2017) ndi Akata Woman (2022) amanena za Sunny, mtsikana wachialubino wa zaka 12 amene anabadwira ku New York koma akukhala ku Nigeria. Amakonda mpira koma dzuwa silimulola. Amadzazindikira kuti ndi mmodzi wa anthu a Kambuku, amene ali ndi misika yawo, sukulu zawo ndi malamulo awo obisika pakati pa anthu wamba. Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi ndalama zawo. Sizigwiriridwa ganyu. Ukaphunzira chinthu chatsopano zimagwa zokha kuchokera m'mwamba, ngwengwengwe pamapazi pako, ndipo za kopa ndi zamtengo kuposa zagolide. Wolemera kwambiri kumeneko ndi wosunga laibulale. Aphunzitsi awonso sanyengerera: amatuma ana kumalo kumene akhoza kufa, ndipo akabwerako amoyo palibe wowaombera m'manja.

Pali chinthu chimodzi chimene sindingachilambalale. M'bukuli, chimene anthu wamba amachiona ngati chilema ndi chimene chimakhala gwero la mphamvu ya munthu, ndipo kwa Sunny ndi khungu lake. Cholinga cha wolemba n'chabwino, akufuna mwana wonyozedwa adzione ngati ngwazi. Koma m'dziko muno bodza lakuti thupi la munthu wachialubino lili ndi mphamvu zapadera ladulitsa anthu manja ndi kufukulitsa manda. Mphwanga nditamupatsa bukuli ndinakhala naye pansi kaye n'kumuuza kuti Sunny ndi wopeka, ndipo mnzake wa m'kalasi ndi mwana ngati iye yemwe, wofunika chipewa ndi mafuta odzola basi. Perekani bukuli, koma muperekeze ndi mawu. Mukalipeza lolembedwa What Sunny Saw in the Flames musadabwe, ndi Akata Witch lomwelo, dzina limenelo ndi la ku Nigeria ndi ku Britain.

Amene mumakonda nkhondo yokhayokha, tengani The Rage of Dragons la Evan Winter, amene anakulira ku Zambia. Analisindikiza yekha mu 2017, kampani yaikulu n'kudzalitenga mu 2019. Mtundu wa Omehi wakhala pankhondo zaka pafupifupi 200. Mwa akazi 2,000 aliwonse mmodzi amatha kuitana zinjoka, mwa amuna 100 mmodzi amatha kusanduka chimphona, ndipo otsalawo ndi nkhuni za nkhondo. Tau ndi wa gulu lonyozeka ndipo alibe mphatso iliyonse. Nzeru yake inali yoti akadzivulaze dala, amuchotse usilikali, akwatire. Kenako akuluakulu amapha bambo ake iye akuona. Poti alibe mphamvu yobadwa nayo, amapeza njira ina: amalowa m'dziko la ziwanda lotchedwa Isihogo, kumene nthawi imayenda mosiyana, n'kumamenyana nazo mpaka zimukhadzule. Ululu wonse amaumva, amadzidzimuka ali moyo, n'kubwereranso. Usiku uliwonse, kambirimbiri. Luso limabwera, koma mutu umayamba kusokonekera, ziwanda zija amayamba kuziona masana pankhope za anzake. Chizimba chake chimenecho. Akazi m'bukuli sanapatsidwe malo okwanira, ndipo Tau nthawi zina ndi mkwiyo wokhawokha wovala nsapato, koma ndi buku limene limakugoneka mochedwa. Lachiwiri ndi The Fires of Vengeance la mu 2020, ndipo wolembayo analonjeza 4.

Pamene pali mawu akuti analonjeza, chenjerani. George R.R. Martin anatulutsa A Game of Thrones mu 1996, lachisanu mu 2011, ndipo kuyambira pamenepo anthu akungodikira. Patrick Rothfuss naye anatulutsa The Name of the Wind mu 2007, lachiwiri mu 2011, lachitatu zii. Onse awiri ndi akatswiri, sindikutsutsa. Koma ine sindituma munthu kukakwera basi imene dalaivala wake anatsika kukamwa tiyi zaka zoposa 10 zapitazo. Winter yekha ndamulowetsa chifukwa buku lake loyamba limakhutitsa palokha.

Imene inatha bwino, ndipo ndikuganiza kuti ambiri simunaimve, ndi Green Bone Saga ya Fonda Lee: Jade City (2017), Jade War (2019), Jade Legacy (2021). Muno mulibe akavalo ndi nyumba zachifumu. Muli magalimoto, mfuti, malesitilanti ndi mafoni a m'nyumba. Chilumba cha Kekon ndi malo okhawo padziko pamene pamapezeka mwala wobiriwira wa jade umene umapatsa wouvala mphamvu, liwiro ndi kumva kugunda kwa mtima wa mnzake ali patali. Koma si aliyense angauvale. Amafunika magazi ake ndi maphunziro a zaka zambiri, ndipo ngakhale wophunzira akachulutsa miyala amadwala nthenda yoyabwa mpaka kudzicheka yekha. Mzinda wa Janloon unagawidwa pakati pa mabanja awiri, ndipo mwini sitolo aliyense amapachika nyali ya banja limene amalipirako chitetezo.

Timatsatira ana a banja la Kaul. Lan ndi wamkulu, wofatsa, amene anasenzetsedwa udindo wa agogo ake. Hilo ndi wamtima wapachala, wokondedwa ndi anyamata a mumsewu. Shae ndi mlongo wawo amene anavula miyala yake n'kupita kunja kukaphunzira, ndipo wabwerako akulumbira kuti za pabanja sizimukhudza. Mukudziwa kale mmene malumbiro otere amathera pakagwa maliro. Mdani wawo, mayi Ayt Mada, anapha anthu a m'nyumba ya bambo ake omulera kuti atenge mpando, ndipo chovuta n'chakuti pa nkhani ya tsogolo la dziko lawo nthawi zambiri amanena zoona. Mayiko akuluakulu akufuna mwalawo kuti apatse asilikali awo, apanga kale mankhwala oti mlendo aziuvala osapenga, ndipo kadziko kakang'ono kayenera kusankha kogulitsa. Aliyense amene amatsatira nkhani za migodi kuno kwathu adzagwedeza mutu. Buku lachitatu limayenda zaka 20, ana amene tinawaona akubadwa n'kukhala akuluakulu, ndipo ngongole zimene makolo anatenga m'buku loyamba amabweza ndi iwowo.

Brandon Sanderson ndimutchula mwachidule chifukwa amene amamukonda adzakuuzani okha, safuna thandizo langa. Mistborn (atatu oyamba, 2006 mpaka 2008) ndi ya gulu la mbava limene likufuna kugwetsa mfumu imene yalamulira zaka 1,000 m'dziko logwa phulusa. Amatsenga ake amameza tizidutswa ta zitsulo, chitsulo chilichonse ndi mphamvu yake, ndipo chikatha m'mimba mphamvu yathanso. Malamulo ake ndi omveka bwino, mathero ake amakhoma msomali, ndipo Chingerezi chake n'chosavuta, choncho kwa amene akuyamba kumene kuwerenga mabuku aakulu ndi poyambira pabwino. Kungoti mtengo wa matsenga akewo ndi wa kusitolo, ukhoza kukagula ena. Children of Blood and Bone la Tomi Adeyemi linatchuka kwambiri mu 2018 ndipo achinyamata amalikonda, koma ine ndinaona ngati nkhani imene ndinaiwerengapo kale yangovekedwa mayina achiyoruba. Marlon James wa ku Jamaica, ndi Black Leopard, Red Wolf (2019), ali mbali inayo: Africa wake ndi wakuya, wonunkha magazi, wofotokoza nkhaniyo ndi wabodza, ndipo nkhanza ndi zogonana zilimo zosaphimba. Ndi buku lamphamvu koma si loti n'kuiwala pampando wa kutchalitchi.

Mukatopa ndi kulira, pitani kwa Terry Pratchett. Discworld ndi mabuku 41, kuyambira 1983 mpaka chaka chimene anamwalira, 2015. Dziko lake ndi lafulati, lakhala pamsana pa njovu 4, njovuzo zaima pa kamba wamkulu amene akusambira mumlengalenga. Ndi nthabwala, koma nthabwala za munthu wokwiya ndi kupanda chilungamo. Musayambe ndi loyamba, iye mwini anali asanapeze mayendedwe ake. Yambani ndi Guards! Guards! (1989), la apolisi atatu otayika a usiku ndi mkulu wawo chidakwa Sam Vimes, amene mwadzidzidzi akuyenera kumanga chinjoka. M'buku lotsatira la apolisiwa, Men at Arms, ndi mmene Vimes amawerengera kuti wosauka amawononga ndalama zambiri pa nsapato kuposa wolemera, chifukwa amagula zotchipa chaka ndi chaka mapazi akunyowabe, pamene wolemera anagula kamodzi zolimba. Za chuma zimene ndinaphunzira kusukulu sizinafike pamenepo.

Koma pa muyezo wanga uja, opambana ndi mfiti zake. Agogo Weatherwax ali ndi mphamvu zoopsa ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kusazigwiritsa ntchito, chifukwa akudziwa chimene angasanduke atayamba. Mtsikana Tiffany Aching, amene nkhani yake imayamba mu The Wee Free Men (2003) ali ndi zaka 9 ndipo chida chake ndi chiwaya, amapita kukaphunzira ufiti akuyembekezera zodabwitsa. Amapeza kuti ntchito yake ndi kubereketsa amayi, kusambitsa odwala, kuwenga zikhadabo za nkhalamba imene abale ake anaitaya, ndi kuchezera maliro. Mudzi umamufuna usiku, masana n'kumamunena. Amene amati mabuku otere amaphunzitsa ana ufiti awerenge kaye mabuku a Tiffany, adzapeza kuti akuphunzitsa ntchito imene amayi a chigwirizano ndi a mvano amagwira sabata iliyonse. Vuto la Pratchett ndi limodzi: nthabwala zake zambiri zagona pa kaseweredwe ka mawu a Chingerezi cha ku England, ndipo zina zimadutsa pamwamba. Zisiyeni zidutse, zotsalazo n'zokwanira.

Za kapezedwe. M'masitolo a mabuku kuno simudzaona ambiri mwa amenewa, ndipo oitanitsa kunja mtengo wake ndi wokwera. Ine ambiri ndinawatola kwa mavenda a mabuku akale, aja amayala pansi pakhonde la sitolo, buku la zinjoka litapanikizika pakati pa buku la biology la Fomu 3 ndi magazini a mafashoni a zaka 10 zapitazo. Tsoka la pamenepo n'lakuti mumapeza lachiwiri ndi lachitatu, loyamba kulibe, chifukwa amene analigula kunja kuja analikonda n'kulisunga. Musanalipire tsegulani masamba oyambirira muone mndandanda wa mabuku a wolembayo, ndipo muonenso kumapeto ngati masamba omaliza sanathothoke. Ngati muli ndi m'bale ku Joni kapena ku UK amene akubwera pa Khirisimasi, mutumizireni dzina la buku ndi la wolemba, chifukwa mukangoti buku la zinjoka adzakubweretserani la ana a mkaka. Pratchett mukhoza kumuyambira paliponse pamene mwamupeza kupatula loyamba lija, Earthsea naye amakhululuka. Koma Jemisin, Hobb ndi Fonda Lee, mukapeza lachiwiri gulani, mukaliike m'sutikesi, ndipo musalitsegule mpaka loyamba litapezeka.